Ulendo wa ku Mtunthama, nkhani ya sukulu ya Nabanda

Lachinayi usiku

Ndafika bwino abale. Ndikulemba ndili pakhonde kwa achemwali anga kuno ku Mtunthama, netiweki ikugwira ukaima pafupi ndi nkhokwe basi ndiye ndizingoponya usiku usiku chonchi. Ndinanyamuka ku Lilongwe cha m'ma 10 koma minibasi yake inali yoima paliponse, Kanengo, Lumbadzi, Mponela, Madisi, pomawoloka Bua dzuwa linali litapendeka kale. Pa Chinkhoma pali zii, msika wa fodya unatsekedwa, malole aja amandandalikana pamenepo ndi mabelo kulibe olo imodzi. Pa boma la Kasungu ndinatsika nkukwera ka Sienta ka msewu wa ku Nkhotakota, tinathinana anthu 9 ndi matumba awiri a feteleza.

Chandibweretsa ndi mwana wa achemwali, woyamba kubadwa, timangomuitana Nabanda. Anakhoza MSCE ndi mapointi 21 koma mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma atatuluka lake panalibe. Mayunivesite a bomawo alipo 6, UNIMA, MZUNI, LUANAR, MUST, MUBAS ndi KUHeS, koma ana okhoza ndi ambiri kuposa malo ndiye chaka chilichonse ana abwinobwino amatsala. Iye sanangokhala pansi nkumalira, anabwereka foni ya aphunzitsi ake nkulembera ku University of Livingstonia komwe ndinaphunzira ine, ndipo amutenga kuti akachite za uphunzitsi, History ndi Chichewa. Alamu akuti ayi. Sabata yatha achemwali anandiimbira kuti achimwene bwerani, mwanayu wayamba kusiya nsima m'mbale. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba, nkhani ngati iyi simungaimalizire pa foni.

Usiku uno sitinaiyambe ayi, munthu sungafike ndi fumbi kumapazi nkuyamba milandu. Tadya nsima ya mgaiwa ndi mfutso wotendera, amayi abwera kuchokera kunyumba kwawo ndi ndodo yawo kudzandiona, Nabanda wandipatsa madzi osamba m'manja atagwada osandiyang'ana kumaso. Wawonda ndithu.

Lachisanu

Alamu anandidzutsa kusanache kuti tipite ku nazale. Kudambo ali ndi mabedi 4 a burley, mbande zikadali ting'onoting'ono pansi pa udzu, madzi otunga pachitsime ndi makheni awiri awiri, m'mawa ndi madzulo osajomba. Ndinatenga makheni anga nanenso. Nkhani inayamba yokha tili pa bedi lachiwiri.

Anati alamu, ine sindikudana ndi sukulu, musandione ngati munthu wosazindikira. Koma History adzadya? Akanati unamwino ndikanagulitsa ng'ombe zonse ziwiri lero lomwe. Zaka 4 ndikulipira fizi kenako abwere adzakhale pakhomo pano kudikira kuti boma limulembe liti, fodya wako ndi amene ali pamphuno, kuli bwino apange kakosi ka miyezi 6 ayambe kugwira kandalama. Kenako anaika kheni pansi nkunena kuti inuyo digiri yomweyo muli nayo, mwabwera pa Sienta. Zinandilasa koma sananame, malipiro a mphunzitsi tonse tikuwadziwa, ndipo munthu amene amatunga madzi chonchi kuti apeze ndalama ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalamayo ikupita kuti.

Ndiye sindinawatsutse za malipiro. Ndinangowafotokozera malowo mmene alili chifukwa iwo akamva kuti yunivesite amaganiza za chimpanda chachikulu cha mtauni. Livingstonia ili pamwamba pa phiri ku Khondowe m'boma la Rumphi, inatsegulidwa mu 2003 ndi sinodi ya Livingstonia ya CCAP ndipo inayamba ndi maphunziro a uphunzitsi omwewa. Pano kuphiriko kulinso zaumoyo, zamakompyuta, zachilengedwe, pomwe zaubusa ndi za chitukuko cha anthu zili ku Ekwendeni. Nthawi yanga timakwera msewu wa Gorodi kuchokera pa Chitimba, makona 20 okhota ngati ngowe, ukafika pamwamba nyanja ukuyionera pansi uko, m'mawa nkhungu mpaka osaona nyumba ili patsogolo pako. Kulibe kothawira. Alekichala amene wakuphunzitsa m'mawa ukumana nawo madzulo pogula tomato, Lamulungu mukhala nawo tchalitchi chimodzi.

Ndinawauza za asayimenti yanga yoyamba ya History, inali ya malonda a akapolo a Jumbe ku Nkhotakota, kumapeto kwa msewu womwewu wadutsa pa Mtunthama. Ine ndinangotenga za m'buku nkuzikonza konza mwaukhondo, masamba 5. Patapita masiku atatu alekichala anandiitana ndi dzina langa panjira, munthu wa chaka choyamba, akuti tabwera ku ofesi. Pepala langa linali lofiira ndi inki. Anandifunsa kuti za wolemba bukuyu ndaziona, nanga iweyo ukuti chani, ndipo kwanu ku Kasungu akuluakulu amati chani za minyanga ndi anthu amene amadutsa njira imeneyi? Ndinalibe yankho. Ndinalemba pepala lija katatu. M'kalasi tinalipo osapitirira 30, ukakhala chete masiku awiri amakufunsa kuti wadwala kapena sunawerenge, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndikawerenga kanthu kalikonse, kaya nyuzi kaya kalata ya ku ofesi, ndimayamba ndafunsa kuti walemba ndani, akufuna chani, wasiya chani osanena. Ndinawauza alamu kuti chimene ndinatsika nacho kuphiri kuja ndi chimenecho.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, pamenepo ndiwayamike. Kenako anangoti zonsezo nzabwino alamu koma feteleza wakwera, nkunyamula makheni kubwerera kuchitsime.

Loweruka

Lero ndinamutenga Nabanda kuti tiyende awiriwiri, pakhomo akumangoyankha kuti eya ndi ayi. Tinapita ku mtengo wa kachere uja amati Kamuzu anaphunzirira a e i o u pansi pake, kenako tinakaima chapatali kuyang'ana Kamuzu Academy. Mwana wabadwira pompano koma anandiuza kuti sanafunsepo kuti chifukwa chani sukulu yotere anaimanga kuno kumudzi. Ndiye tinakhala pamthunzi nkuyamba.

Academy inatsegulidwa mu November 1981, ndipo Kamuzu analamula kuti mwana aliyense aziphunzira Latin ndi Greek, masiku oyambawo amatenga ana okhoza kwambiri m'boma lililonse nkumaphunzira ulere. Anthu ambiri amangoti anali wokonda zachizungu nkusiyira pomwepo, koma tayang'anani njira imene iye anayenda. Kasungu nthawi imeneyo inali pansi pa mishoni ya Livingstonia, anaphunzira ku Chilanga, ndipo malume ake a Hanock Msokera Phiri anali ophunzira ku Khondowe komweko. Nkhani imene imanenedwa ndi yoti mu 1915 polemba mayeso oti apite ku Livingstonia anaimirira kuti aone bwino pa bolodi poti anali wamfupi, woyang'anira nkuganiza kuti akuonera, basi kumuchotsa. Nkuuyamba wapansi mpaka ku Rhodesia, kenako ku migodi ya ku Joni, mu 1925 nkupita ku America mothandizidwa ndi mpingo wa AME. Sukulu yake yoyamba kumeneko inali ku Wilberforce ku Ohio, kasukulu kakang'ono ka mpingo ka anthu akuda komwe kanayamba mu 1856. Ndipo digiri yake yoyamba, ya ku University of Chicago mu 1931, sinali ya udokotala ayi. Inali ya History. Udokotala unabwera pambuyo, ku Meharry mu 1937. Ali ku Chicago komweko anathandiza Mark Hanna Watkins kulemba galamala ya Chichewa. Nditanena zimenezi Nabanda anandiyang'ana kumaso koyamba chifikireni, akuti ankolo, History ndi Chichewa? Ndinati eya, zomwe wasankha iwezo.

Maphunziro amtunduwu azungu amawatchula kuti liberal arts, ine ndikamafotokozera ana anga a Fomu 4 ndimati maphunziro a mfulu, chifukwa mawuwo kwa Aroma amatanthauza zimenezo. Kapolo amangomuphunzitsa ntchito imodzi ya manja, mfulu amayenera kudziwa kuima pabwalo, kumva mlandu, kuuyala bwino nkuyankha. Chimodzimodzi kwathu kuno, si aliyense amene amamutuma unkhoswe, amasankha munthu wodziwa kumva mbali zonse ndi kuika mawu pamalo pake. Ku Ulaya kale anawawerenga maphunzirowa kuti ndi 7, galamala, kaganizidwe kolondola, kulankhula pagulu, masamu, geometry, nyimbo ndi za nyenyezi. Makoleji ang'onoang'ono a ku America mpaka lero amayendera mzimu umenewo, mwana amalowa osasankhiratu ntchito, zaka ziwiri zoyamba amalawa sayansi, mbiri, zilankhulo, filosofi, kenako ndi pomwe amasankha chozama nacho, onse akugonera pa kampasi pomwepo ndipo makalasi ake ochepa anthu kuti azitha kutsutsana ndi mphunzitsi. Ku Kentucky kuli Berea College ya 1855, ophunzira salipira fizi koma aliyense amagwira ntchito pasukulupo maola 10 kapena kuposa pa sabata, ndimaiganizira kawirikawiri ndikaona ana ngati uyu. Ku Ghana a Patrick Awuah anasiya ntchito ku Microsoft nkuyambitsa Ashesi mu 2002 ndi ophunzira 30 m'nyumba ya lendi, wophunzira zamakompyuta kumeneko amaphunziranso za utsogoleri ndi chikhalidwe, mpaka mayeso amalemba popanda owalondera.

Sindinamunamize kuti ku Khondowe akapeza zofanana ndendende. Kuno kwathu pulogalamu umasankhiratu pa fomu, ndalama zoti uzilawa izi ndi izo palibe. Koma fungo lake lilipo ndipo ndi lakale. Dr Robert Laws atasamutsa mishoni kuchoka ku Cape Maclear kupita ku Bandawe nkudzafika ku Khondowe mu 1894, sukulu yake ya Overtoun inali ndi ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza mabuku, zachipatala, uphunzitsi ndi zaubusa pamalo amodzi, wogwira pulena ndi wowerenga mabuku akudyera limodzi. Ndipo taonani anthu amene anatuluka kumeneko, Levi Mumba amene anadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, Clements Kadalie amene anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Anthu ofunsa mafunso okhaokha.

Pali chinthu chimodzi chimene sindikanamubisira tili pansi pa mtengo umenewo. Kamuzu yemweyo wokonda Latin sanafune kufunsidwa mafunso. Pa Academy masiku oyamba aphunzitsi anali azungu okhaokha ngati kuti Mmalawi sangaphunzitse, ndipo a Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya English ku Chancellor College, anawatsekera ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osawazenga mlandu. Zimandiwawa mpaka lero chifukwa munthu amene analawa maphunziro a mfulu ndi amene amayenera kudziwa bwino kuti Latin popanda ufulu wotsutsa ndi kuloweza chabe. Nabanda anakhala chete kanthawi kenako anafunsa kuti nanga zimenezi ku yunivesite amalola kuzilemba mu asayimenti? Ndinati ukapeza mphunzitsi ngati amene ndinapeza ine, akakuuza kuti ulembe ndipo ubweretse umboni.

Pobwerera tinagula mandasi pa trading, anadya atatu. Achemwali atamva anangoti zikomo achimwene.

Lamulungu

Titaweruka ku tchalitchi ndinapita kukacheza kwa amayi, ndinapeza Nabanda ali pamphasa ndi hadikava lakuda lothothoka m'makona, agogo ake akulankhula iye akulemba. Ndinapempha kuti ndilione. Kutsogolo kwake ndi maakaunti a bambo ake, feteleza matumba angati, aganyu osoka fodya alipidwa zingati, mabelo angati apita, sikelo inati bwanji, zonse ndi madeti ake. Ukalitembenuza kuyambira kumbuyo ndi dziko lina. Nthano za agogo, nyimbo za pamtondo, mayina a midzi imene inasamuka pobwera maesiteti a fodya, ndi zimene agogo anamva kwa agogo awo za nkhondo ya Mwase ndi azungu ya 1895. Pena analemba m'mbali ndi pensulo kuti apa agogo anena mosiyana ndi tsiku lija, ndifunsenso. Palibe anamutuma. Ine ndaphunzitsa History zaka zambiri ndipo ana ochita chonchi ndakumana nawo owerengeka, manja anga ananjenjemera ndili nalo bukulo.

Madzulo tinakhala pansi pa mango, alamu, achemwali, amayi ndi ine, Nabanda chapatali pang'ono. Ine ndinalankhula mwachidule poti zanga ndinanena kale ku nazale. Amene anaigwira nkhani ndi achemwali, munthu wosalankhulalankhula. Anati bambo a Nabanda, chaka chatha pepala la malonda a fodya litabwera munati ndalama zachepa koma simukuona pomwe zalowera, anakhala nalo usiku wonse ndi tochi ndani? Anapeza ndani kuti ngongole ya feteleza aidula kawiri? Kalata yopita ku kampani ija analemba ndani, mpaka ndalama zinabwerera? Inu munati mwanayu ndi loya. Lero mukuti kuwerenga ndi kulemba sikudyetsa.

Alamu anakhala nthawi yaitali akukanda pansi ndi kamtengo. Kenako anati chimene chikundiopsa ine si History, ndikuopa kuyamba chinthu nkukanika pakati, mwana abwerere chaka chachiwiri anthu azindiseka kuti Banda anafuna kudzionetsa. Apo ndinawamvetsa kuposa masiku onsewa. Ndiye tinasiya zokambirana ngati sukuluyo ndi yabwino nkuyamba kuwerengera, Nabanda anaitanidwa ndi hadikava lake lomwelo. Tagwirizana kuti ine ndizilipira theka la fizi, alamu theka linalo likachokera ku fodya, soya wa achemwali akhale wa chakudya ndi sopo, ndipo alembere ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ophunzira ngakhale sitikuyika mtima wonse pamenepo. Alamu anenetsa kuti avomera chaka chimodzi kaye, aone. Ndinafuna kukankha kuti anene zonse 4 koma achemwali anandiponda phazi.

Amayi sanalankhule nthawi yonseyi. Titamaliza anangofunsa kuti nanga mwanayu akapita kumapiriko, zanga zotsalazi azilemba ndani, poti zikadalipo zambiri ndipo ine masiku akutha. Palibe anayankha msanga. Nabanda anati agogo ndizibwera pa holide, muzindisungira. Ine ndinayang'ana kumbali.

Lolemba

Tinadzuka m'mamawa ine ndi Nabanda kupita pa boma. Mafotokope a chiphaso ndi a zotsatira za mayeso, zithunzi za pasipoti 4, kutsegula akaunti ku banki zomwe zinatidyera maola awiri pamzere. Phiri la Kasungu lili mbuu ndi utsi wa moto wa tchire, kutentha kwake kwa October kosautsa.

Kenako ndinamutengera pa kaunjika kukafuna juzi. Mayi wogulitsa anadabwa kuti juzi dzuwa limeneli, ndinati kumene akupita mwanayu June akafika madzi osamba amaluma. Anavundukula belo lomwe anali ataliika kale pambali, tinapeza yobiriwira yaubweya yokhuthala bwino, yaikulu pang'ono m'mikono koma akula nayo, ndi bulangete limodzi. Anaiyesa pomwepo thukuta lili kamukamu osafuna kuivula. M'njira amandifunsa zambirimbiri, ngati laibulale amalola kutenga buku kupita nalo ku hositelo, ngati Stone House ya Dr Laws amalowamo aliyense, ngati ku mathithi a Manchewe nkoyenda wapansi, ngati Chitumbuka chake chapakamwa cha ku Kasungu kuno akachimva kumeneko. Ndinamuuza kuti sabata yoyamba akapeze mphunzitsi mmodzi wa History amuonetse hadikava lija, asachite manyazi.

Ndinamukweza Sienta yobwerera, ine nkukwera basi ya ku Lilongwe. Theka la fizi lija sindinalipezebe, mawa ndikayamba ndi kukafunsa ku SACCO ya aphunzitsi kenako ndione za maphunziro apadera a madzulo. Tikudutsa pa Madisi meseji yalowa kuchokera pa foni ya achemwali, akuti ankolo ndafika, agogo anandidikirira pamphasa ayamba ina ya njovu za ku Lifupa, masamba atsala 6 okha munditumizire hadikava lina ndi mabolopeni awiri. Ndikagula mawa popita kuntchito nkupatsira kondakitala wa Lachitatu.